Baji Yanga M'chijasi cha Apongozi

Pali zinthu zina munthu ukazikumbukira umatsinzina ngakhale uli wekha m'nyumba. Ine changa chinachitika chaka cha 1996 chikupita kumapeto, pomwe ndinaimitsa ntchito ya anthu ophunzira kwambiri kwa sabata yathunthu ndi masiku, chifukwa choti pakamwa panga panalemera pamaso pa bambo a mkazi wanga. Mkazi wangayo, Esinati, mpaka lero akafuna kuseketsa alendo amayamba nkhani imeneyi, ndipo amaithira mchere wambiri. Ndiye ndati bola ndiifotokoze ndekha.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Laurel, kuno kutsidya la nyanja, m'kanyumba ka zipinda ziwiri. Esinati ankagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba, ine ndinali pa kamalo kena ka kafukufuku kufupi ndi College Park. Kumudzi ankadziwa kuti ndine wasayansi. Zoona zake ndinali wolumikiza mawaya, womanga mabawuti ndi wotsuka mafilimu (kwathu ndinkaphunzitsa sayansi kusekondale, koma pepala langa litaoloka nyanja linafupika ngati juzi yochapa ndi madzi otentha). Komabe ntchitoyo ndinkaikonda, ndipo ndi imene inkatilola kukhala m'dziko muno.

Tinali ndi chimakina chachitali ngati mabasi awiri, chokhala m'chipinda cha makoma a konkire okhuthala. Ntchito yake inali kuthamangitsa maelekitironi, tinthu ta magetsi tosaoneka ndi maso, n'kutimenyetsa pa kachitsulo. Tikamenya pamenepo pankatuluka cheza cha ekisireyi, chonga chija amajambulira mafupa kuchipatala, koma chongong'anima kamodzi n'kuzima. Ndi cheza chimenecho tinkayesera makamera athu. Kamera ikakhoza mayeso inkatumizidwa kumalo akuluakulu kumene anthu ankaombera kuwala kwamphamvu kwa leiza pa kambulu kochepa ngati njere ya mapira, pofuna kuti kayake momwe limayakira dzuwa. Zimenezo zimachitika mwachangu kwambiri moti popanda kamera yabwino palibe angadziwe ngati kayaka kapena kangophulika. Abwana athu, a Dokotala Ruth, mayi wamfupi wa imvi, anali atathera zaka zambiri pa kamera imodzi, ndipo inkayenera kunyamuka mu Januwale. Ikaphonya mwezi umenewo, kudikira kwake kunali kwa chaka.

Popeza cheza chimenechi chimapweteka chikachuluka m'thupi, aliyense ankavala baji pachifuwa. Kanali kabokosi ka pulasitiki konga ka machesi, m'kati mwake muli kafilimu komata bwino, kolembedwa dzina lako ndi nambala. Cheza chikakudutsa, kafilimuko kankada. Pakutha pa mwezi a Walter, mkulu woona za chitetezo, ankatolera mabaji onse n'kuwatumiza kokapima. A Walter anali munthu wabwino, koma pa nkhani ya baji sankaseka ndi munthu. Baji siituluka pakhomo. Poweruka uikoloweke pathabwa, ukaphwanya zimenezo ulonge katundu wako. Lamulo limeneli ndinalisunga zaka zitatu popanda banga.

Ndiye kumayambiriro kwa Novembala kunabwera apongozi anga, a Maseko, kuchokera ku Ntcheu. Anali mkulu wa mpingo, ndipo anapuma pa ntchito ya njanji atayang'anira siteshoni zaka zambirimbiri. Ine ndinkawaopa. Sikuti anali ankhanza ayi, koma chikwatire mwana wawo ndinali ndisanakhalepo nawo mpando umodzi, ndipo mawu amene tinalankhulanapo onse akanakwana pa positikhadi. Tsiku lowalandiralo ndinachoka kuntchito masana ndikuthamanga. Baji ndinaivula bwinobwino, koma m'malo moikoloweka ndinangoiponya m'thumba la m'kati la chijasi changa, maganizo ali pa msewu wa kubwalo la ndege.

Apongozi anatuluka atavala suti yawo ya Lamulungu, yopyapyala. Titangofika panja, mphepo inawalonjera isanatilonjere ife, mano gwegwegwe. Ndinavula chijasi changa chakuda chija, chaubweya, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Iwo analandira ndi manja awiri, nachivala, namanga mabatani onse mpaka pakhosi.

"Zikomo kwambiri apongozi," anatero. "Mwandiveka. Ambuye abwezere pomwe mwachotsa."

Amene amadziwa Chichewa cha akuluakulu wamva kale. Munthu amene wabwereka sathokoza choncho. Chijasi chinali chitapita.

Za baji ndinakumbukira m'mawa mwake nditaima pathabwa la kuntchito, msomali wanga uli wokhawokha. Ndinadziuza kuti si nkhani, madzulo ndikangonena kuti pepani bambo, m'thumbamo muli kanthu kanga. Madzulo anafika. Ndinalowa pabalaza, ndinagwada pang'ono, ndinawafunsa momwe aswerera, ndinawafunsa za mvula ya ku Ntcheu, za mbatatesi, za denga la tchalitchi. Pofika pa chijasi lilime linakana. Ungayambe bwanji? Munthu wamuveka dzulo, lero ukufunsa za m'thumba? Amva kuti ukufuna chijasi chako. Ndipo chijasicho sankachivula. Ankadya nacho, ankaonera nacho nkhani pa TV, popita kukasamba ankachikoloweka kukhomo la bafa, cha m'kati. Choipitsitsa, m'thumba lomwelo anaikamo pasipoti ndi tikiti yobwererera, n'kutseka ndi mapini awiri. Mkamwini wopezeka dzanja lili mmenemo dzina lake limadziwika.

Esinati sindinamuuze. Anali atandinenapo kangapo kuti ndine woiwalaiwala, ndipo sindinafune kumupatsa umboni.

Apa ndi pomwe ndinachita chinthu chimene sindinyada nacho. M'kabati ya kuntchito munali timabokosi takale ta mabaji, topanda filimu. Ndinatenga kamodzi n'kukapachika pachifuwa. Ndinadzitonthoza kuti mwezi umenewo ntchito yanga yambiri inali kuchipinda chotsukira mafilimu, ndipo kuchimakina ndinkalowako chitazimitsidwa. Ndinati ndi za masiku awiri okha. Masiku awiriwo anabala ana. A Walter akamadutsa ndinkatembenukira kukhoma ngati ndikuwerenga kalendala, ndipo tsiku lina anandiyamikira pamaso pa anthu kuti ndine chitsanzo chabwino pa kuvala baji.

Kunyumba moyo unkayenda. Cha pakati pa mwezi Esinati anapita ndi bambo ake kuchipatala masiku awiri otsatizana. Nditafunsa anangoti, "Ndi tchekapu basi, za ukalamba." Ine sindinapitirize. Matenda a apongozi mkamwini safunsa, amadikira kuuzidwa.

Mwezi unatha, tsiku lotolera mabaji linakwana, madzi anafika m'khosi. Ndinamukokera Esinati kukhitchini n'kumunong'oneza kuti m'chijasi muja muli baji ya kuntchito. Sindinanene kuti ndi baji yanji, iye anangoyesa chiphaso cholowera pakhomo.

"Mwezi wonse? Are you serious?" anatero akundiyang'ana kuyambira kumapazi. Kenako anapita pabalaza. "Ababa, tavulani chijasicho ndikachichapitse. Chayamba kutilonjera chisanafike."

Mwana wamkazi amatha kunena zimene mkamwini angafe nazo. Apongozi anamasula mapini, natulutsa pasipoti, tikiti, ndi baji yanga, n'kuziika patebulo mwadongosolo. Atangolowa kuchipinda kukatenga juzi, ndinatola baji ija mwakachetechete n'kuithira m'sokosi. M'mawa mwake ndinaipereka kwa a Walter ndikuimba kanyimbo mumtima. Ndinati mlandu watha. Ndinaiwala kuti akuluakulu anati mlandu suola.

Patapita masabata awiri, ndikutsuka filimu, ndinamva kugogoda. Panja panaima a Dokotala Ruth ndi a Walter, nkhope zonga za anthu odzanena maliro. Anandikhazika pampando. A Walter anati zotsatira zabwera, mabaji a anthu onse ndi oyera, koma yanga yada. Sikuti yada mofika popha munthu, koma mopitirira kwambiri zimene munthu wa pamalo pathu anayenera kulandira. Tanthauzo lake linali limodzi: penapake khoma likudontha cheza, ndipo chikudonthera pomwe ndimaima ine. Chimakina chinatsekedwa tsiku lomwelo mpaka podonthapo papezeke.

"Usaope," anatero a Dokotala Ruth atandigwira phewa. "Kamera idikira. Munthu ndiye woyamba."

Tsopano taonani pomwe ndinali. Ine ndekha pamalo ponse ndinkadziwa kuti baji imeneyo sinalowe m'nyumbamo mwezi wonse. Ndikanena, chimakina chitsegulidwa, ine ntchito yatha. Ndikakhala chete, kamera ya mayi ameneyu iphonya ulendo. Ndipo mutu unkandizungulira, chifukwa sindinkamvetsa kuti cheza chinachokera kuti m'thumba la mkulu wa mpingo wa ku Ntcheu. Ndinaganiza za TV, ndinaganiza za chotenthetsera chakudya, mpaka ndinayamba kukayikira mapini aja. Ndinati ndinena mawa.

Mawa lake tinayamba kugwetsa mpanda wa njerwa za mtovu wozinga kachitsulo kaja, kuti tione ngati pali mpata. Njerwa ya mtovu ndi yaing'ono koma imalemera ngati mwana wa zaka ziwiri, ndipo zinalipo mazanamazana. Anthu a madigiri atatuatatu anavula majekete n'kumakwawa pansi ndi timakina topimira cheza. Ine ndikati ndinyamule njerwa ankandilanda. "Iwe khala pansi, walandira kale zokwanira." Ananditumiza kwa dokotala kukapimitsa magazi. Wina anandibweretsera supu ya nkhuku yophika mkazi wake. Wina anasiya khadi patebulo langa, onse atasainapo. Supu ija ndinamwa (inali yokoma, ndisaname), koma inkatsika ngati mchenga. Kunyumba ndinangoti makina avuta. Ndinayamba kuonda, ndipo kuondako kunawatsimikizira anzanga kuti cheza chayamba ntchito.

Atafufuza paliponse osapeza kanthu, a Walter anati mwina vuto lili kunyumba kwanga. Nthaka ya malo ena imatulutsa mpweya wa cheza, anatero, ndipo zovala zimatha kuunyamula. Ndinayesa kukana kuti kwathu n'kutali, kwathu n'kosasesa, koma Loweruka masana galimoto inaima pakhomo. Anatsika awiri, a Walter ndi kamakina kawo, a Dokotala Ruth ndi mbale ya makeke.

Apongozi anali pampando wawo, chijasi chitabwerako kochapitsa, mabatani mpaka pakhosi. Anaimirira n'kulonjera alendo m'Chingerezi chawo cha kunjanji, chowongoka ngati njanjiyo. A Walter anayenda m'zipinda zonse, kamakina kali phee. A Dokotala Ruth anakhala pansi nayamba kupepesa kwa Esinati kuti mwamuna wake walandira cheza ali m'manja mwawo. Esinati anangoti kukamwa yasa, maso ali pa ine. Pofuna kufotokoza bwino, mayi aja anatulutsa m'chikwama baji yachitsanzo, imene ankaphunzitsira alendo.

"Timavala kanthu konga aka," anatero.

Apongozi anavala magalasi, nawerama kuyang'anitsitsa.

"Aka ndikukadziwa," anatero. "Ndakhala nako mwezi wathunthu, apa." Anagunda pachifuwa, kumanzere.

Ine ndinayang'ana kapeti. Ndikukumbukira kuti inali ndi kadontho ka tiyi pafupi ndi mwendo wa tebulo, ndipo ndinalakalaka nditasanduka kadontho kameneko.

Woyamba kulankhula anali Esinati, manja ali kumutu. "Mayo ine! Ndi baji ya rediyeshoni? Bambo inu, bwanji osanena?" Anatembenukira kwa bambo ake. "Ababa, pepani, chinsinsi chija ndiulula." Kenako anawafotokozera alendo kuti tchekapu ija sinali ya ukalamba wamba. Bambo ake ankamva kupweteka pachifuwa, ndipo kuchipatala anawabaya mankhwala otulutsa cheza pang'ono, amene amayenda m'magazi kuti madokotala ajambule mtima. Munthu akabayidwa mankhwalawo amakhala akutulutsa cheza kwa masiku angapo chisanathe chokha. Masiku onsewo baji yanga inali itagona pamtima pawo penipeni, yotsekeredwa ndi mapini awiri.

A Walter anakhala pansi pang'onopang'ono. "Nanga chimene wakhala ukuvala mwezi wonse uja n'chiyani?"

Ndinanena. Ndinanena zonse, kuyambira ku bwalo la ndege mpaka ku kabokosi kopanda filimu, mawu akutuluka ang'onoang'ono. A Dokotala Ruth sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangofunsa kuti, "Koma bwanji sunangowapempha? Mumakhala nyumba imodzi."

Funso limenelo m'Chingerezi ndi lophweka kwambiri. Amene anayankha ndi apongozi. Anaimirira, naongola chijasi, nalankhula ngati ali pa bwalo la milandu ya mpingo. Anati kwathu mkamwini ndi mpongozi wake amapatsana njira. Wina akamabwera uku, wina amapatukira uko, osati chifukwa cha chidani koma ulemu. Anati munthu uyu anavula chofunda chake pamphepo n'kuveka nkhalamba, ndipo anasankha kuvutika mwezi wonse kusiyana n'kuti nkhalambayo iganize kuti akuilanda. Anati kuvala kabokosi kopanda kanthu kunali kupusa, ndipo kukhala chete anzake akunyamula njerwa kunali kupusa koposa, pamenepo sakumuikira kumbuyo.

"Koma theka la mlanduwu ndi langa," anapitiriza. "Kanthu aka ndinakapeza tsiku loyamba lomwe. Ndinaganiza ziwiri, mwina ndi chiphaso cha kuntchito, mwina ndi chithumwa. Ndinati chikakhala chiphaso afunsa. Sanafunse. Ndiye ndinadziwa kuti ndi chinacho. Nditapeza kuti akatola patebulo mozemba ngati mphaka, ndinatsimikiza. Ine monga mkulu wa mpingo ndakhala ndikuwapempherera m'mawa uliwonse kuti asiye zimenezi, koma kuwafunsa sindikanatha. Ndi apongozi anga."

Esinati anayesa kumasulira mawu oti chithumwa, koma pakati pa chiganizo anaphulika kuseka mpaka misozi. A Dokotala Ruth anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. A Walter okha anakhalabe nkhope gwa, ngakhale ndinaona ndevu zawo zikunjenjemera.

"Amayi," anamaliza apongozi, "ine ndinayang'anirapo anthu. Wantchito wosasamala ndimamudziwa, uyu si ameneyo. Uyu matenda ake ndi manyazi, ndipo kwathu timati manyazi anapha lambe. Mulangeni, koma musamuchotse. Mukamuchotsa ndiye kuti ndabwera ulendo wonsewu kudzagwetsa nyumba ya mwana wanga."

A Dokotala Ruth anati ayankha Lolemba. Anasiya makeke aja, mwina poiwala.

Alendo atapita, Esinati analowa kukhitchini n'kumamenyetsa mapoto mwadala kuti ndidziwe kuti mlandu wanga ndi iye sunayambe. Pabalaza tinatsala awiri. Ndinakhala pansi, pakapeti, monga mwa masiku onse. Za ntchito zinali zitachoka m'mutu mwanga, munatsala chinthu chimodzi. Munthu uyu anakhala m'nyumba mwanga masabata asanu ndi limodzi mtima ukumupweteka, ine ndikumufunsa za mbatatesi. Ndinamva chisoni, ndipo ndinazindikira kuti nkhalamba imeneyi ndimaikonda.

"Bambo, nanga madokotala anati mtimawo uli bwanji?"

Anavula magalasi aja. Kenako anasuntha pampando paja n'kumenya khushoni ndi dzanja.

"Bwerani mukhale apa. Zapansizo zatipweteketsa."

Ndinakhala, thako limodzi lili m'malere. Anandiuza kuti mtsempha umodzi wayamba kuphinjika, koma madokotala ati mankhwala akwanira, ndipo ayenera kusiya nyama yonona (apa anadandaula kwambiri kuposa za mtsemphawo). Anati sanafune kuti ndidziwe poopa kundisenzetsa katundu, ine mwana wa eni. Atatero anamasula mabatani awiri, natenga dzanja langa n'kuliika pachifuwa pawo.

"Tamverani nokha, inu a makina. Ukuyenda?"

Unkayenda, pang'onopang'ono koma mosaphonya. Aka kanali koyamba kuwakhudza kupitirira moni wa m'manja, patatha zaka zisanu ndi ziwiri ndili mkamwini wawo.

Lolemba chigamulo chinatuluka. Ntchito sinathe. Anandilembera kalata ya chenjezo, anandiletsa kulowa kuchimakina kwa mwezi, ndipo a Walter anandiimika pamaso pa anthu onse kuti ndifotokoze ndekha zimene ndinachita. Mpanda wa mtovu uja anandisiyira kuti ndiumangenso, ndipo ulendo uno palibe anandilanda njerwa. Anzanga anagwira ntchito mpaka masiku a Khirisimasi kuti abweze nthawi, ndipo kamera inanyamuka mu Januwale itatsala pang'ono kuphonya. Amene anandipatsa supu uja sanandilankhule masabata awiri, kenako anandiuza kuti mkazi wake akufuna mbale yake.

Ndikanakonda kunena kuti kuyambira pamenepo ndinasanduka munthu wolankhula mosaopa. Apongozi anakhala nafe mpaka Malichi, ndipo tinkacheza pampando umodzi madzulo aliwonse, iwo akundiphunzitsa za masiginolo a sitima, ine ndikuwajambulira papepala momwe kambulu kaja kamayakira. Koma tsiku lina pocheza chomwecho anaponda phazi langa ndi nsapato yawo ya chikumba, osadziwa, n'kupitiriza nkhani ya sitima ina imene inachedwa ku Balaka. Nkhaniyo inali yaitali. Ndinaimvetsera yonse mpaka sitimayo inafika, chala chili dzanzi, ndikuvomera kuti inde bambo, inde bambo.